Utsi wa pa depoti ndi chifuwa cha Tadala

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, inu a kuno ku Likoswe ndi inu amene muli kutali. Ine ndakalamba, ndipo sindiyankhula zongomva. Ndikufuna ndikuuzeni za mdzukulu wanga Tadala, amene anatsala pang'ono kufa ndi utsi wa m'tauni, amayi ake akunamiziridwa kuti ndi hule.

Agnesi ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo mbumba yathu ndimayang'anira ndine. Minda itachepa, iye ndi mwamuna wake Bonifesi anapita ku Limbe. Tonse tinati chitukuko chalowa m'banja. Agnesi anapeza malo ogulitsa tomato pa depoti, kuseri kwenikweni kwa maminibasi. Madalaivala a pamenepo sazimitsa injini podikira anthu. Ena amaopa kuti ikazima ifunika kukankha, ena amaiwomba dala kuti okwera aziyesa kuti inyamuka pompano. Paipi ya utsi ili m'munsi, ndipo m'munsi momwemo ndi momwe Tadala ankagona, pa thumba, pafupi ndi dengu la amayi ake.

Mwana anayamba kutsokomola, kenako kulira pachifuwa ngati mphaka, kenako kuwonda. Amayi a Bonifesi, a Nasiyani, anabwera kuchokera ku Ndunde namuyang'ana kamodzi kokha. Anati ndi tsempho, ndiye kuti mayi wayenda ndi mwamuna wina n'kudzathira mchere m'ndiwo za mwana. Ananena pabwalo, anthu a lendi akumva: "Mkazi wokhala pakati pa makondakitala tsiku lonse, mumati achita chiyani?" Bonifesi anamumenya Agnesi kuti atchule dzina la mwamunayo. Dzina panalibe. Anamuponyera katundu panja, mwana akubanika kumsana.

Ine ndimasunga pepala lililonse. Ndinatenga buku la kuchipatala la mwanayo, momwe adokotala analemba kuti ndi mphumu yobwera ndi utsi, pamodzi ndi matikiti onse a msika amene Agnesi ankadula. Ndinawerengera akuchimuna pa mlandu, koma anaseka. Ndinapita ku ofesi ina m'tauni kukafunsa chifukwa chake amadulitsa tikiti pamalo opha ana. Bwana wa pamenepo sanakhudze n'komwe mapepala anga. Anati, "Madala, tauni ikamakula imafuka. Mukufuna mphepo yabwino? Bwererani kumudzi." Iye amagona kumtunda, kumene kuli mitengo yambiri, ndipo amayenda mawindo a galimoto ali otseka. Tauni ikukula, inde, koma utsi wake ukumezedwa ndi ana a anthu ogulitsa pansi.

Tadala anagonekedwa m'chipatala, kachubu ka mpweya kali m'mphuno, milomo itada. Agnesi anasiya kudya. Anandifunsa kuti, "Atsibweni, akafa, anthu azidzati ndamupha ndine?" Ndinagwada pakhonde la wodi ndipo sindinapemphere mwaulemu ayi. Ndinati, Ambuye, ine ndalephera, anthu akana kumva. Ngati mulipo, atsekuleni maso ndinu.

Taonani mmene Mulungu amagwirira ntchito. A Nasiyani omwewo anamva kuti tomato wa Agnesi watsala pa depoti ndipo akuola. Anati katunduyo ndi wa mwana wawo, sangatayike chifukwa cha hule. Anapita kukagulitsa okha. Chifukwa cha miyendo yawo yotupa, anakhala pansi, pa thumba lomwe lija. Dzuwa lisanapendeke maso anali akuwotcha, mutu ukung'amba. Atamina pa nsonga ya chitenje, panatuluka zakuda ngati mwaye. Mayi wa dengu loyandikana anawauza kuti, "Mayi, inu mwangokhalapo lero. Kamwana kaja kankagona pomwepo kuyambira kali kakhanda."

Mawa lake a Nasiyani anafika kuchipatala mawu atasasa. Anaima pambali pa bedi la mwana nthawi yaitali, kenako anagwada pamaso pa Agnesi, anthu onse a m'wodi akuona. Anati, "Apongozi, si tsempho. Ndakulakwirani." Anakabwereza mawu omwewo kutchalitchi kwawo ku Ndunde, ndipo anapatsa Agnesi dimba lawo kuti azilima, ogula azimupeza konko. Tadala anatuluka m'chipatala ndipo sanabwererenso ku Limbe.

Sindikunamizani kuti zonse zinakoma. Bonifesi anali atalowetsa kale mkazi wina, ndipo mpaka lero sanapepese. Adokotala akuti chifuwa cha mwanayu chinawonongeka, sadzathamanga ngati anzake, ndipo kamankhwala kopopera m'kamwa sikachoka m'thumba la amayi ake. Koma akupuma. Ndikapita kukawaona, m'mawa ndimamumva akuthamangitsa nkhuku, n'kuima kuti apume, n'kuyambiranso, ndipo ndimati zikomo Yehova.

Inu amene mukunamiziridwa mwana ali pa bedi, musasiye kupemphera, ngakhale pemphero lanu litakhala laukali ngati langa. Thandizo lingadzere mwa munthu amene anakutukwanani. Ndipo mukamapemphera, musaiwale mayi wina amene sindikumudziwa dzina. Ndinadutsa pa depoti mwezi wathawu, ndinapeza malo a Agnesi atapatsidwa kale kwa iye. Wayala thumba pansi, ndipo wagonekapo khanda.

Ambuye akhale nanu nonse. Amen.