Foni Ikutiitanabe ku Sikelo

Aulutsi, ndine mtsikana wa sekondale wa ku Chipangali. Amayi sadziwa kuwerenga, choncho mauthenga a pafoni yawo ndimawawerengera ndine.

Mlongo wanga wakhanda anamwalira chaka chino, koma mwezi uliwonse chipatala chimatumizabe uthenga wotikumbutsa kuti tipite naye ku sikelo. Ulendo woyamba ndinawerenga mokweza ndisanaganize, ndipo amayi anakhala tsiku lonse osadya.

Nditapita kukadandaula, anamwino anati, "Mwanawe, zimangotuluka zokha m'kompyuta." Chonsecho mwanayo anatsirizikira m'manja mwawo!

Dzulo foni inaliranso. Unali uthenga wa ku sikelo womwe uja.

"Akuti chiyani?" anafunsa amayi.

"Ndi otsatsa mabandulo, amama."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Akanakhala moyo, bwenzi pano akukwawa."