Dzino Limodzi Limene Linatsala

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Inu amene mumandidziwa kuyambira kale ndikukuonani mukumwetulira. Mwetulirani, palibe mlandu. Dzina langa la ubatizo ndi Gerevaziyo, koma kwa zaka zambiri, kuchokera kuno ku Chidzolomondo mpaka kumsika wa ku Furancungo, panalibe wolitchula. Ankanditcha Abiridoro, dzina la kachitsulo kotsegulira mabotolo kaja.

Dzinalo ndinachita kuligwirira ntchito. Ndikagulitsa fodya ndinkakhala pabara kuyambira m'mawa, ndipo botolo lililonse lobwera patebulo linkayamba ladutsa pakamwa panga. Ndinkaluma chotsekera, kuchipotokola, n'kuchilavulira uko. Anthu ankaomba m'manja. Ena ankandigulira mowa kuti angoonerera basi, ine n'kumadzimva kuti ndine munthu. Nthawi imeneyo mkazi wanga, amake Luwiza, ali okha kumunda.

Fodya ndiye musanene. Wolima ndekha, wopichira ndekha. Chingambwe sichinkachoka pamlomo.

Mano anayamba kung'aluka pang'onopang'ono, ine osasamala. Kenako tsiku lina masanasana, nditakhuta mowa, ndinakwera mota yanga, njinga yamoto ija, kuchokera ku Furancungo. Nditafika pakamlatho kena kamitengo ndinaona milatho iwiri, ndipo ndinasankha umene kunalibe. Ndinadzuka m'kamwa muli dothi ndi magazi. Mano awiri akutsogolo, akumwambawa, anatsala pomwepo.

Kuyambira tsikulo ndinasiya kuseka. Ndikamayankhula, dzanja linkakhala pakamwa. Anzanga amene ankandiombera m'manja aja anandisintha dzina, ndinasanduka a Magweru. Manyazi anandikankhira m'mowa kuposa kale, ndipo mkwiyo wonse ndinkakautula pakhomo, kwa munthu amene sanandilakwire.

Mwana wanga woyamba, Luwiza, ndi namwino mumzinda wa Tete. Atabwera kudzationa anandipeza ndikudya nditayang'ana kukhoma. Patapita miyezi anatumiza uthenga woti ndikwere shapa, minibasi ya kwathu kuno, ndipite, wandipezera dotolo wa mano.

Dotoloyo anali mayi, wa Chipwitikizi chokhachokha. Changa ine n'chapamsika, chogulira ndi kutukwanira, choncho Luwiza ndiye ankamasulira. Dotolo anati pali mano oika osachotsanso, amawatcha impulante. Amaboola fupa la nsagwada, n'kumangiramo kachitsulo konga parafuzu, msomali wopotokola uja. Ndiye umadikira miyezi kuti fupa likagwire, kenako pamwamba pake amaikapo dzino. Anati ndiyambe ndasiya fodya, apo ayi fupa siligwira.

Ndinasiya ndithu. Koma ndinene zoona pamaso pa Mulungu, ndinasiya chifukwa ndinkafuna mano. Za kusintha moyo ndinalibe nazo ntchito.

Ndinayenda maulendo angapo, ine munthu wozolowera mphepo ya kuno n'kumakaphikidwa ndi dzuwa la ku Tete. Zimene Luwiza anadzimana kuti zonsezi zitheke sanandiuze, ndipo mpaka lero sandiuza. Ndinangoona kuti maphunziro oonjezera amene ankawakamba chaka chimenecho sanawatchulenso.

Tsiku limene dotolo anamaliza kuika mano awiriwo n'kundipatsa kalilole ndinaseka ngati mwana. Luwiza naye anaseka mpaka misozi. Anati, “Ababa, ndinali nditaiwala nkhope yanu.”

Dotolo anandipatsa malangizo, Luwiza n'kumabwereza mawu amodziamodzi. Kutsuka kawiri patsiku ndi mswachi wofewa, makamaka pamene dzino lakumana ndi nkhama. Kulowetsa kaulusi pakati pa mano, ndi kaburashi kena kakang'ono ngati kanthenga. Nzimbe ayi, mafupa ayi, chimanga chokazinga ayi. Fodya ndi mowa ndiye anachita kugogoda patebulo. Ndipo pakatha miyezi isanu ndi umodzi ndizibwerera akandione, ngakhale ndisakumva kuwawa.

Ine ndinkangoti, “Sim, dotolo, sim.” Mutu ukugwedezeka, mtima uli kale ku Furancungo.

Tsopano imvani nzeru zimene ndinabwera nazo kumudzi. Ndinati dzino lobadwa nalo limabooka chifukwa ndi fupa. Nanga chitsulo chimaola? Khasu ndimalitsuka kawiri patsiku ngati? Mswachi uja ndinausomeka kudenga. Ulusi ndinasokera nsapato, ndipo ndikuuzeni, ndi wolimba. Tsiku lopita kumsika lokha ndinkatapa phulusa n'kukwecha manowo kuti awale, monga mmene amake Luwiza amakwechera mapoto. Sabata isanathe chingambwe chinabwerera pamlomo, mowa n'kutsatira.

Tsiku lokaonedwa lija linandipeza ndili m'chigafa kusankha fodya, ndipo linadutsa. Luwiza akaimba foni ndinkati, “Zonse zili bwino, mwananga. Akuwala ngati malata atsopano.” Ankakhulupirira, chifukwa ankafuna kukhulupirira bambo ake.

Nkhama zinayamba kufiira, kenako kutupa. Ndikaluma chimanga chootcha, pachitsononkho pankatsala magazi. Tsiku lina amake Luwiza anandiuza mwaulemu, monong'ona, kuti, “Abambo, m'kamwamo mukutuluka fungo.” Ndinawakalipira mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Ndinati iwo akudziwapo chiyani za mano a kutauni? Ndipo chimene chinandipusitsa kwambiri n'chakuti sindinkamva kuwawa ngakhale pang'ono.

Ndiye linafika tsiku lija. Tinali pabara, dzuwa lili paliwombo. Mnzanga wakale Manuwelo anakankhira botolo patsogolo panga.

Anati, “Abiridoro, kale munkatsegula ndi mano wamba. Nanga lero muli ndi achitsulo, mukuopa chiyani?”

Anthu anaseka. Kuseka kumeneko ndinali nditakusowa, abale. Ndinanyamula botolo, n'kuluma.

Botolo silinatseguke. Chimene chinagwedezeka ndi dzino lakumanzere. Ndinalimva likusuntha mpaka m'mphuno, ndipo m'kamwa munadzaza magazi osakanikirana ndi mafinya. Manuwelo anayang'ana kumbali ngati si iye.

Masiku atatu ndinabisala m'nyumba. Amake Luwiza ndiwo anaimbira mwana foni, ine nditawaletsa. Lero ndimawathokoza.

Ku Tete dotolo anajambula nsagwada, n'kuika chithunzicho poyera. Anayamba kufotokoza, Luwiza kumasulira ngati kale. Anati chitsulo sichinaole, zimenezo ndinalondola. Chimene chinadwala ndi nkhama ndi fupa logwira chitsulocho. Zakudya zotsalira zinkaunjikana m'mphepete, tizirombo n'kulowa pansi, n'kumadya fupa mwakachetechete. Utsi wa fodya unkalepheretsa nkhama kuchira. Phulusa linkakanda dzino n'kupatsa litsiro pogwira. Anati matendawa nthawi zambiri sawawa mpaka zinthu zitaipa, n'chifukwa chake amafuna kumationa tisanamve kanthu. Botolo linangomaliza ntchito imene ine ndinaiyamba kalekale.

Kenako dotolo ananena mawu ena, Luwiza osamasulira. Ndinamuyang'ana. Dotolo anabwereza. Mwana wanga ananena kuti, “Ababa, akuti lakumanzere achotse, fupa latha. Lakumanja nalo layamba kudwala. Akuti lingapulumuke, koma zili kwa inu.”

Ndinadikira kuti andikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira, chifukwa kukalipa ndimadziwa kuyankha kwake. Koma anangopukuta misozi ndi mkono wa yunifolomu yake n'kuti, “Ine ndinkangofuna kuti muzisekanso, ababa. Basi.”

Ndakhalapo ndi manyazi m'moyo, koma a tsiku limenelo anandiposa msinkhu. Mwana wondimasulira chiweruzo changa ndi pakamwa pake.

Dotolo anachotsa dzinolo, anatsuka lotsalalo mpaka pansi, anandisoka, anandipatsa mankhwala. Ndinabwera kumudzi. Mukuganiza kuti ndinasintha pomwepo? Ayi ndithu. M'mawa mwake ndinalowa m'chigafa, ndipo mmene ndinkazindikira, zala zanga zinali zitapichira kale chingambwe, machesi ali m'dzanja. M'kamwa muli ulusi wa dotolo, misozi ya mwana wanga isanaume, ine ndikufuna kuyatsa.

Pamenepo ndinachita mantha. Ndinaona kuti sindingathe kudziletsa ngakhale ndikufuna. Anandiika mano atsopano, koma mwini wake anali yemwe uja wakale, wodwala pansi pamene sipaoneka. Ndinagwada pafumbi la fodya. Kupemphera sindinkadziwa. Ndinangoti, “Yesu, ine ndalephera. Dzino limodzi lokha likundikanika kusunga. Ngati mumalandira anthu ngati ine, ndilandireni.” Ndinalira mokweza, mwamuna wamkulu ndi imvi zanga.

Amake Luwiza anandipeza choncho. Anagwada pambali panga n'kupitiriza pemphero pamene ine ndinalekera. Ndinazindikira kuti pempherolo analizolowera, anakhala akulinena zaka zonse zimene ine ndinali pabara.

Lamulungu lotsatira ndinalowa m'tchalitchi muno, ndinakhala pabenchi lakumbuyo ilo. Ena a inu munatembenuka kawiri kuti mutsimikize. Nditaitanidwa ndinapita kutsogolo, ndinaulula, akulu a mpingo anandipempherera. Ndinapepesa kwa mkazi wanga pamaso panu. Ndinatuluka muno mtima uli myaa, koyamba chikulire changa.

Sindikunamizani kuti zinali zophweka. Masabata oyamba manja ankanjenjemera, tulo tinkavuta, ndipo ndinkapsa mtima ndi chilichonse, ngakhale mbuzi ikangondiyang'ana. Chilakolako chikabwera ndinkatenga mswachi, n'kukakhala kuseri kwa nyumba, kutsuka uku ndikupemphera chamumtima. Ndinazolowera choncho. Mpaka lero m'mawa ndi madzulo ntchito ziwirizi zimayendera limodzi. Ndimatsuka modekha m'mphepete mwa nkhama, ndimalowetsa kaburashi, ndimadutsitsa ulusi, ndipo ulusiwo sukusokanso nsapato. Nzimbe ndimasenda ndi mpeni, n'kuduladula, n'kumatafunira kumbuyo. Phulusa ndinawabwezera eni ake a mapoto.

Fodya ndimalimabe pang'ono, musandiyang'ane choncho, Ambuye akadali pantchito. Koma chaka chino theka la munda ndadzala nyemba ndi mbatata ya kachewere, ndipo pamlomo panga utsi sunadutsenso. Manuwelo nditakumana naye kumsika anandiitana ndi dzina lakale lija. Ndinamuuza kuti Abiridoro anamwalira m'chigafa, maliro sitinalengeze. Anaseka, koma anandiperekeza kamtunda ndithu, akufunsa mafunso. Mumupempherere.

Miyezi isanu ndi umodzi itakwana ndinakwera shapa ndekha, wosakumbutsidwa, fodya ndinamusiya ali pakati posankha. Njira yonse mtima unali m'mwamba. Dotolo anayang'ana, anagogoda, anayeza nkhama ndi kachitsulo kake, anajambulanso. Anayang'anitsitsa chithunzi. Kenako anatembenukira kwa Luwiza n'kuyamba kuyankhula.

Ulendo uno sindinadikire kumasulira. Ndinaona nkhope ya mwana wanga ndipo ndinamva zonse. Nkhama zauma, fupa lasiya kudyeka, dzino laima nji. Luwiza anandigwira dzanja n'kuti, “Ababa, sekani ndione.” Ndinaseka, dzino limodzi ndi gweru pambali pake, dzanja osaika pakamwa.

Dotolo akuti mwina m'tsogolo, fupa likalola, angadzaikenso lina. Ndamuuza Luwiza kuti zimenezo zidikire, ayambe wabwerera kumaphunziro ake. Gweruli silikundichititsanso manyazi. Taonani, ndi ili. Mbali iyi ndi zimene ndinachita ine, mbali iyi ndi zimene anandisungira Mulungu ndisakuyenera. Ndimamutamanda chifukwa cha mwana amene sananditaye, chifukwa cha mkazi amene sanatope kugwada, ndiponso chifukwa Yesu anandimva m'chigafa ndili ndi machesi m'manja. Ulemerero ukhale kwa Iye.

Inu amene muli ndi mano oika, kapena obadwa nawo omwe, asamaleni, ndipo tsiku la dotolo likafika pitani. Koma ndikuyankhulanso ndi iwe mbale wanga amene wakhala kumbuyo uko, pabenchi limene ndinakhala ine. Mwina kunja ukuwala, anthu akukuombera m'manja, ndipo ukuti zonse zili bwino chifukwa palibe pamene pakuwawa. Inenso sipankawawa. Ndinadikira, ndipo limodzi ndinataya. Iwe usadikire kuti pawawe. Dzuka, bwera kuno kutsogolo, pakadali chotsala choti Ambuye apulumutse. Ine ndili pano, tigwada limodzi. Amen.