Wigi Yobwereka ndi Mbuzi za Alamu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mumawerenga zimene ndimalemba, mtendere ukhale nanu. Ine ndine amake Rozina a ku Bangula, amene kale ndinkagulitsa milamba yowamba pamsika. Lero ndikufuna kuchitira umboni za matenda anga a khansa ya bere, ndi mmene ndinatsalira pang'ono kusiya mankhwala chifukwa chosowa yokwerera minibasi. Mukafuna kuseka sekani, inenso masiku ano ndimaseka, koma nthawi imeneyo misozi sinkauma.

Atandipeza ndi khansa, adokotala a ku Blantyre anandiuza kuti ndizikalandira mankhwala a m'diripi pa masiku amene andiikira, osadumphitsa. Anati ndikadumphitsa, matenda amapeza mpata. Mankhwalawo anali aulere, koma minibasi ya ku Bangula sidziwa za ulere. Mpamba wa nsomba unathera m'misewu, tsitsi linathothoka lonse, ndipo fungo la nsomba limene linkandidyetsa linayamba kundisanzitsa. Nesi wina wachifundo ndiye anandilangiza kuti ndikalembetse ku boma thandizo limene amapereka kwa anthu amene matenda awalepheretsa kugwira ntchito. Ndinakalembetsa. Anati adzatumiza anthu awiri kudzaona kunyumba ngati ndikuvutikadi, ndipo anatiuziratu tsiku.

Kutiuziratu tsikuko ndi kumene kunatipweteka.

Amuna anga, a Zuze, amakonza njinga m'mbali mwa msewu, komanso ndi mkulu wa mpingo. Ndi munthu wabwino, sanandisiyepo ndekha pa matendawa, koma ulemu amaukonda kuposa chakudya. Ngakhale kutenthe chotani kuno ku chigwa, iwo jekete savula. Atamva kuti kukubwera anthu a boma, sanamve zoti akudzaona umphawi. Khutu lawo linangogwira mawu amodzi akuti alendo.

"Amake Rozina, anthu a boma adzakhale pa mphasa yong'ambikayi, ine ndili moyo? Nkhabe, sizingatheke! Mlendo ndi mame, koma manyazi amatsala pakhomo."

M'mawa wa tsikulo nditatuluka panja, bwalo langa lomwe sindinalizindikire. Pansi pa mtengo wa nimu panali sofa ya aphunzitsi oyandikana nafe, pamodzi ndi tinsalu take toluka. Pakati panali tebulo la kutchalitchi, pamwamba pake wailesi yaikulu ya mphwawo wa a Zuze, yopanda mabatire, yongoti izioneka. Tambala wathu mmodzi yekhayo anali atalowa kale mumphika.

Ndiye panalinso mbuzi. Inu akutali mwina simudziwa kuti Shire akasefukira, abale athu a ku Nyachikadza amawolotsa ziweto zawo pabwato n'kudzazisungitsa kwa achibale okhala pouma. Chaka chimenecho alamu anga a Alufandika anali atatisungitsa khola lonse la mbuzi zonenepa. Masiku onse zinkaswera kubusa, koma tsiku limenelo a Zuze anazimangirira pafupi ndi sofa, ati pakhomo pazioneka kuti pali munthu.

Ine ndikanatha kukana, koma mkazi amene tsitsi lamuthothoka amadziwa yekha manyazi ake. Mwana wanga Rozina anakabwereka wigi kwa mnzake wa ku saluni, yaitali yofika m'mapewa, yonyezimira. Anandipaka paudala, n'kundimangitsa chitenje cha pa Khirisimasi. Nditadziyang'ana pagalasi ndinadzisirira ndekha. Ndinkaoneka ngati mkazi wa bwana wa ku esiteti ya nzimbe.

Alendo anafika pa njinga yamoto, mayi wina wamagalasi ndi bambo wina wojintcha, a Gondwe, wochokera kumpoto, amene anali atangoyamba kumene ntchito kuno ku Nsanje. Ndinagwada kuwapatsa moni. Atandifunsa kuti ndili bwanji, pakamwa panga panayankha pokha mmene amayi anandiphunzitsira: "Ndili bwino, kaya inu." Atafunsa ngati ndimatha kugwira ntchito, a Zuze anandilanda mawu.

"Awa, bwana? Awa ndi thirakitala. Angofookako pang'ono ndi dzuwali."

"Nanga mbuzizi?"

"Zili pakhomo pano, bwana. N'chisomo."

Mkulu wa mpingo sananame, koma zoona sanazinenenso. Fungo la tambala litandifika ndinathamangira kuseri kwa nyumba, ndinasanza mwakachetechete, n'kubwerera ndikumwetulira. Alendo anadya, anathokoza, mayi uja anayamikira tsitsi langa, ndipo a Gondwe ponyamuka anakasisita tonde wina wofiira n'kunena kuti mbuzi yotere sanaionepo. A Zuze anawaperekeza mpaka pamsewu, n'kubwerako akuyenda monyang'wa. "Pyadidi, zayenda bwino," anatero, "atipatsa ulemu."

Yankho silinachedwe. Anati alipo anthu ambiri ovutika kuposa ine, ndipo kunena zoona, pa zimene anaonazo sanalakwe. Sofa inabwerera kwa aphunzitsi, wigi ku saluni, madzi ataphwera alamu anadzatenga mbuzi zawo. Ife tinatsala ndi mphasa yathu ija, tsiku la ku Blantyre likuyandikira, m'nyumba mulibe ngakhale ya kabaza.

Abale, ndinakwiya. Ndinawauza a Zuze mawu amene mkazi wa mkulu wa mpingo sayenera kulemba pano. Ndinati ulemu wawowo adzaulandire bwino pa maliro anga, sofa ya aphunzitsi adzaibwerekenso. Iwo anatuluka kukafuna ndalama ya ulendo. Anayenda kwa achibale ndi kwa akhristu anzathu, koma madzi anali atakokolola minda ya onse, aliyense ankangogwira pakamwa. Ndinachita mantha enieni, mantha a imfa. Ndikamuyang'ana Rozina akusesa ndinkadzifunsa kuti adzamulangiza ndani ine nditapita.

Loweruka lina masana ndinagona pansi pa nimu, kumutu kulibe ngakhale duku chifukwa cha kutentha, kandowa kosanziramo kali pambali. Ndinapemphera pemphero lopanda ulemu uliwonse. Ndinati, Ambuye, kwa anthu ndinadzikongoletsa, koma Inu mumandidziwa ndi mpala wangawu. Nditumizireni munthu adzandione mmene Inu mumandionera, chifukwa ine ndatopa, ndipo kufa sindikufuna.

Sindinganene kuti panapita nthawi yaitali bwanji, chifukwa ndinasinza. Ndinadzidzimuka ndi njinga yamoto imene inadutsa pakhomo pathu, n'kubwerera, n'kudutsanso. Kenako inaima. Anali a Gondwe.

"Agogo, pepani, kwa a Zuze ndi kuti? Kuja kuli sofa ndi mbuzi zambiri. Mwana wanga ali ndi chinkhoswe, ndikufuna andigulitse tonde wofiira uja."

"Kwa a Zuze ndi pano," ndinatero.

"Nanga mayi aja atsitsi lalitali?"

"Mayiwo ndine. Tsitsi linabwerera ku saluni."

Anavula chipewa cha njinga, nandiyang'ana, nayang'ana kandowa. "Mbuzi?"

"Kwa eni ake ku Nyachikadza. Timangosunga madzi akadzaza."

"Sofa?"

"Kwa aphunzitsi."

"Nanga tambala uja?"

"Uja yekha ndiye anali wathu, bwana, ndipo munamudya."

Ndinaganiza kuti aseka, koma munthu wamkuluyo anagwira mimba yake ngati akufuna kumubweza tambalayo. Nthawi yomweyo a Zuze anatulukira kuchokera kumsewu. Ataona mlendo anayamba kufuula kuti Rozina athamangire mipando kwa aphunzitsi. Ine ndinangoti, "Bambo ake Rozina, khalani pansi." Anaima, nandiyang'ana mmene ndinalili, ndipo anakhaladi pa dothi, jekete ili m'thupi.

"Bwana," anatero, "akazi anga akudwala khansa. Akufunika ku Blantyre sabata ikubwerayi, ndipo ine ndalephera kuwapititsa."

Chiyambire matendawa, aka kanali koyamba kuwamva akutchula dzina lake. Anthu akafunsa ankangoti ndikumva m'thupi. Anagwetsa misozi pamaso pa mlendo, ndipo mkwiyo wanga wonse unathera pomwepo. Ndinawamvera chisoni amuna anga, ndinawakondanso kuposa kale.

A Gondwe anakhala pa mphasa yong'ambika ija osaiona n'komwe. Anatapa pa ndalama ya tonde n'kundipatsa ya ulendo umenewo, ndipo anakana kuti tiitche ngongole. Nkhani yanga anakaitsegulanso ku ofesi. Anabweranso ndi mayi wamagalasi uja osatiuza tsiku, ndipo a Zuze atamva njinga yamoto anadzigwira ngati mwamuna, sanabwereke ngakhale supuni. Thandizo linatenga nthawi kuti liyambe, monga mudziwa za ku boma, koma linayamba. Silochuluka, koma limandifikitsa ku Blantyre ndi kundibweza. Tsiku la mankhwala sindinadumphitsepo, ndipo adokotala akuti chotupa chikuchepa.

Ndikuthokoza Mulungu amene amadziwa kutuma munthu. Ine ndinkayembekeza mngelo, Iye anatumiza bambo wofuna ndiwo ya chinkhoswe. Takhuta, ndiye zikomo wa kwathu kuno, kwa nesi uja, kwa a Gondwe, ndi kwa inu nonse amene munkandipempherera osadziwa chimene chikundivuta. Inu amene mukudwala kapena mukudwazika, musataye mtima, ndipo akakukanizani koyamba musaganize kuti kumwamba kwatsekedwa. Alendo alandireni ndi ulemu, koma ululu wanu musaubise, pakuti wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

Sindinachire, ndikadali pa ulendo. Tsiku la kuchipatala likafika, a Zuze amandikweza pa njinga kukandisiya pa siteji. Anthu akafunsa m'njira kuti tikupita kuti, iwo amaimitsa njinga n'kuyankha mokweza, msika wonse ukumva: "Akazi anga akukalandira mankhwala a khansa. Mutipempherere." Ine kumbuyoko ndimangowagwiritsitsa m'chiuno. Inunso, abale, mutipempherere, chifukwa ndikufuna kukalamba ndi bambo ameneyu.