A Chiwerenga, Mzungu Wowerenga Mitumbira

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1869 ku Mangalande. Dzina lawo linali Hubert Lanscombe, koma kuno ku Kasisi tinkangowatcha a Chiwerenga. Ine ndikuyankhulane ndine Lorenso, mlamu wawo.

Mu 1888 analowa yunivesite kukaphunzira masamu. Atatsiriza, anaphunzitsa komweko zaka khumi ndi zinayi luso la chiwerengero cha anthu: obadwa angati, omwalira angati, chawapha n'chiyani. Koma kukhazikika sankakudziwa. Mu 1907 anasiya ntchito, nakwera sitima mpaka pa doko la Port Herald kudzafufuza chimene chimatha anthu m'chigwa chino.

Mu 1911 anakwatira mlongo wanga, mayi Priska. Khasu ankaligwira ngati cholembera akamwini athuwa, koma ulemu anali nawo.

Popeza kuno imfa sizinkalembedwa, malemu ankapempha adzukulu kuti awalowetse kumanda, n'kumawerenga mitumbira, yaikulu payokha, yaing'ono payokha. Anayenda wapansi kuchokera ku Chikwawa mpaka ku Bangula. Mu 1914 anatulutsa buku lonena kuti makanda kuno safa kwambiri, ndipo yunivesite inawapatsa udokotala. Anthu ena akwawo amene ankafuna kutitumizira mzamba, atawerenga bukulo, anamutumiza kwina.

Mu 1919 mwana wawo wachitatu anabadwa wakufa. Amayi a m'mudzi anamutenga okha monga mwa mwambo wa nthayo, nakamuika padera, popanda mwamuna, popanda maliro, popanda mtumbira. Malemu anafunsa kuti ana oikidwa chotero alipo angati. Ife amuna amene tinkawaperekeza kumanda tinkazidziwa, koma sitinawauze, poti za nthayo mwamuna satchula. Mlandu umenewu ndikuuvomera pamaso panu, ndipo ukundiwawa.

Kuyambira pamenepo mtima wawo sunakhalenso pansi. Analembera kwawo kuti buku lija n'lolakwa ndipo mzamba abwere. Anawayankha kuti ayambe atumiza chiwerengero cholondola. Nanga mayi ndani akanaululira mwamuna zotere, nanji mzungu? Nzeru anaipeza ndi mayi Priska. Ankayenda ndi chikho chovindikira, mayi aliyense n'kuponyamo njere imodzi ya chimanga pa khanda lililonse limene anataya, osatulutsa mawu. Malemu ankadikira kunja kwa mudzi, akuzungulirazungulira. Pa njala ya 1922 banjali linadya nyika, mizu ya m'madambo ija, monga tonsefe, koma njere za m'chikho zija sanazikhudze.

Mu 1923 yunivesite inawaitana kuti akakhale pulofesa. Anakana. Ankati sangakaime pamaso pa ana a eni ake bodza lidakali m'dzina lawo.

Sabata yatha anabwera kuchokera ku Bangula akunjenjemera ndi malungo. Pamphasa sankagonapo, ankangodzuka kufuna mapepala awo. Midzi yonse inali itawerengedwa, kupatula umodzi: wathu uno, poti amayi akuno ankachita manyazi ndi mkamwini. Atisiya dzulo, pa 17 Febuluwale 1926, ali ndi zaka 56.

Asiya mayi Priska, ana awiri, Andrea ndi Mariya, komanso mlongo wawo ku Mangalande amene sanamvebe. Tikuthokoza a Maliko amene anawanyamula pamachila, adzukulu amene akumba manda kutentha konseku, ndi nonse amene mwabwera kudzatipepesa.

Anamfedwa apempha chinthu chimodzi. Kalata imene malemu ankalembera kwawo, ya chiwerengero cholondola chija, yatsala ndi mzere umodzi, wa mudzi uno, ndipo sitima yonyamula makalata inyamuka Lachisanu. Inu amayi a mudzi uno, chikho chili kuseri kwa nyumba, kumene mwamuna safika lero. Njere yoyamba aponya kale mayi Priska m'mawa uno.

Tikatero, mzimu wa bambo athuwa uuse mumtendere.