Akuti amene anandilera si mayi anga

Omvera anzanga, ine ndimakhala ku Chimwankhunda ndipo ndimagwira ntchito m'sitolo ina ku Limbe. Kwa zaka zitatu ine ndi amuna anga tinkasunga ndalama kuti tikakwereko sitima yapamadzi ku Durban. Tinagulanso inshuwalansi atatiuza kuti wachibale akadwala kwambiri, ulendo n'kulephereka, adzatibwezera ndalama.

Kutatsala sabata imodzi, mayi anga aang'ono anagwa ndi sitiroko kwathu ku Nsanje. Iwowa ndiwo anandilera, poti ondibereka anamwalira ndili wakhanda. Ulendo ndinausiya, n'kukawatenga kuti ndiziwadwazika kuno.

Nditapita ku ofesi ya inshuwalansi ija ndi kalata ya adokotala, mtsikana wapakauntala anati, "Pepani mayi, pepala la inshuwalansi likunena mayi wokuberekani basi. Awawa ndi anti anu."

Anti? Munthu amene anagulitsa mbuzi zake zonse kuti ine ndiphunzire?

Ndalamazo zinapita, zipite. Chimene chimandiwawa n'chakuti munthu wosatidziwa n'komwe azindisankhira abale. Anzanga, musanasayine pepala la inshuwalansi, yambani mwawafunsa eni akewo kuti kwa iwo mayi ndi ndani. Ine anga ndimawasambitsa m'mawa uliwonse, kaya pepala lawolo likuwadziwa kaya ayi.