Nsalu ya Amayi Atelala Siilowa M'bokosi

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1961, achitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Sukulu analekezera sitandade 4, atauzidwa kuti azilera ang'ono awo. Mu 1980 anakwatiwa ndi bambo akhala apawa, akalipentala, ndipo mu 1984 anaika makina awo osokera pakhonde la sitolo. Ambiri munkawadziwa kuti Amayi Atelala, ndipo ena mwavala ntchito ya manja awo lero.

Mu Malichi 2022 anapezeka ndi khansa ya m'mawere. Mankhwala a m'diripi ankawasanzitsa mpaka kukana ndi madzi omwe. Mu Ogasiti anamva za kafukufuku wa boma, woyesa ngati ufa wa masamba ena ungachepetse kusanzako. Anauzidwa poyera kuti ufawo suchiza khansa, ndiponso kuti theka la odwala lidzalandira ufa wongofanana nawo, wopanda mphamvu, popanda wodziwa kuti wake ndi uti. Malemu anafunsa mafunso mpaka anamwino anakoka mpando. Kenaka anadinda chala, osawagwira dzanja munthu.

Tamva zonong'onezana kuseri kwa nyumbaku, zoti boma linawasandutsa mbewa yoyeserapo mankhwala, zoti anathawa chipatala n'kuthamangira zitsamba. Banja likukana. Diripi sanajombepo ndi tsiku limodzi lomwe. Munthu amene ankabweza kasitomala wobwera ndi muyeso wapakamwa sakanamwa chinthu mwachimbulimbuli.

Fomu ya kafukufukuyo yolembapo tsiku ndi tsiku inawavuta, choncho anatenga nsalu yoyera: ulusi wofiira tsiku losanza, wobiriwira tsiku lodya bwino. Lachinayi lililonse ofufuza ankawerenga ulusiwo n'kukopera m'buku lawo. Womaliza, wobiriwira, anausoka pa 4 Febuluwale 2023. Anatisiya pa 6, Lolemba lapitali.

Dzulo masana, banja litakhala pakhonde, ena anati nsaluyo ilowe m'bokosi kuti nkhani ithe. Bambo anakana. Masabata atatu omaliza, amene malemu anasoka ali chigonere, sanawerengedwe, ndipo tikaikwirira ndiye kuti anavutikira pachabe. Nsaluyo siilowa m'bokosi.

Malemu asiya amuna awo, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi zinayi ndi mlongo wawo mmodzi. Tikuthokoza anamwino, amayi oyandikana nafe amene ankachapa ndi kutunga madzi, ndi nonse amene mwatikhalira pano.

Mawa ndi Lachinayi. Mwana wawo wachisamba akwera basi yam'mawa ndi nsaluyo kupita kwa ofufuza, monga ankachitira ndi mayi ake. Amayi, makina tawavundikira bwino. Pumani mumtendere.