Nyimbo Imene Graciete Sanaimalize

Malemu anabadwa pa 9 Malichi, 1946, konkuno ku Mouraria mu mzinda wa Lisbon. Dzina lawo lonse ndi bambo Arménio Barroso Quintela, oyamba kubadwa m'banja la ana atatu. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Custódio, mng'ono wawo, ndipo lero ndatsala ndekha.

Sukulu anaphunzira zaka zinayi zokha. Mu 1958 analowa ntchito pa kampani yosindikiza mabuku, ndipo anagwira pomwepo mpaka kupuma mu 2006, kupatula zaka ziwiri za usilikali ku Angola. Gitala anaphunzira kwa wometa tsitsi wa mumsewu mwathu. Mawu oyimbira analibe, izi tinkawauza pamaso, koma zala zawo zinkadziwa kuperekeza woyimba osamupondereza.

Pa 15 Meyi, 1971, anamanga ukwati ndi mayi Deolinda Farinha. Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, Graciete mu 1974 ndi Hélder mu 1978.

Mu 1980 kalabu ya m'dera lathu inawapatsa udindo wosunga mndandanda wa oyimba nyimbo zathu za makolo zotchedwa fado Lamulungu masana. Ambiri a inu munayambira m'chipinda chija cha pamwamba pa sitolo ya nsomba. Wachinyamata akafika ali wefuwefu kuti alembedwe, malemu ankamuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kunena kuti, "Takhala kaye pansi iwe, nyimbo sithawa." Ankafuna kuti umvetsere Malamulungu atatu usanatsegule pakamwa, udziwe pamene mawu ako amayambira kuti ife a magitala tisamakusakesake, ndipo ukayimba ziwiri ukhale pansi anthu akadakufuna. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ankatero. Amene wadekha, ankamutenga okha kupita naye kwa eni malo odyera, n'kuima pakhomo mpaka mwanayo atapatsidwa tsiku loyimba. Ena mwa inu mukudyera nyimbo lero chifukwa cha kuuma khosi kwawoko.

Koma panali lamulo limodzi limene ankalilemekeza kuposa onse. Mukudziwa kuti chuni ndi cha aliyense, koma mawu a nyimbo ali ndi mwini wake, amene anthu amamudziwa nawo. Mwiniyo akakhala m'chipindamo, suyimba mawu ake usanamupemphe.

Anamfedwa nonse, gawo likubwerali sindikanafuna kuliwerenga. Malemu ndi amene anandilamula.

Pa 20 Okutobala, 1991, Graciete anaimirira koyamba kuti ayimbe, ali ndi zaka 17. Anali atadikira nthawi yake monga wina aliyense, bambo ake sanamukondere. Atatsegula pakamwa, ngakhale operekera vinyo anaima. Koma mawu amene ankayimba anali a mayi Idalina, woyimba wachikulire amene tonse tinkamuopa, ndipo mayiwo anali atakhala kutsogolo kwenikweni. Vesi yachiwiri isanathe, malemu anaika dzanja pa nsambo, gitala n'kukhala chete. Ine ndinali ndi gitala inayo, ndipo nanenso ndinasiya. Mwanayo anayimba yekha mzere umodzi, mawu n'kumuthera. Pamaso pa anthu onse bambo ake anamuuza kuti, "Pano sitiba. Kakhale pansi."

Kunyumba Graciete ananena akulira kuti anawapempha mayi Idalina pa masitepe ndipo anamuloleza. Malemu anati akunama, chifukwa mayiwo akanayankhula. Sanapite kukafunsa. Inenso sindinapite, chonsecho mayiwo ankakhala nyumba yachinayi kuchokera kwathu. Ndi ulesi wanji umenewu! Mpaka lero ndikaganiza mtima umandiwawa. Graciete sanayimbenso, ndipo mu 1993 anapita ku Luxembourg kumene amagwira ntchito yosamalira okalamba.

Mu 2003, atatsala pang'ono kumwalira, mayi Idalina anaitanitsa malemu n'kuulula kuti mwanayo ananena zoona. Anamulolezadi. Koma ataona gitala ziwiri zikuima chifukwa cha iwo, ulemuwo unawakomera, anangokhala chete. Achimwene anga anabwerera kunyumba ali zyoli, ndipo anatha sabata osagwira gitala.

Apa ndiye pamene panafunika kukwera ndege kukapepesa mwana wawo. Sanakwere. Anali munthu wotha kugogoda pa khomo lililonse mu Lisbon chifukwa cha mwana wa eni, koma kwa mwana wawo mawu oti pepa ankawakakamira pakhosi. Graciete akabwera pa Khirisimasi ankamugulira nsomba yabwino, ankamufunsa za kuzizira kwa kumeneko, nkhani n'kuthera pomwepo. Chimene chinasintha ndi ichi chokha: kuyambira chaka chimenecho, wachinyamata aliyense asanaimirire, malemu ankayenda okha thebulo ndi thebulo kufunsa akuluakulu ngati mawuwo ali ndi mwini. Sanaimitsenso gitala pakati pa nyimbo ya munthu.

Mu Novembala 2024 anayamba kudandaula m'chifuwa, ndipo madokotala anapeza khansa ya m'mapapo. Analowa ndi kutuluka m'chipatala katatu. Lachiwiri lapitali anandiitana ndekha n'kundiuza kuti chipepeso cha kuchipinda sichingachapse manyazi a pagulu, choncho ndidzanene pamaso pa anthu omwe aja. Graciete anafika Lachisanu masana, bambo ake atasiya kale kuyankhula. Anatisiya m'mawa wa Loweruka, pa 8 Febuluwale, 2025, ali ndi zaka 78.

Malemu asiya mayi a kunyumba, mayi Deolinda, ana awiri, zidzukulu zitatu, ndi ine mng'ono wawo. Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino, abambo mfumu a parishi yathu, amayi a mumsewu mwathu amene sanazimitse moto pa nyumba ya mayi Deolinda miyezi itatu yonseyi, ndiponso inu oyimba amene mwanyamula bokosi la mphunzitsi wanu. Mulungu akubwezereni pamene mwachotsa.

Tsopano nditule katundu amene anandisenzetsa. Graciete, mwana wanga, ena amene analipo tsiku lija ali pano, ambiri anatsogola. Bambo ako akuti sunabe, ndipo sunaname. Unapempha monga anakuphunzitsira, ndipo wolakwa anali iwo. Ine ndiwonjezepo zanga: ndikanapitiriza kuyimba gitala yanga, ukanamaliza nyimbo yako. Anzathu ena anapempha kuti uyimbe pamanda pano, wakana, ndipo palibe amene angakuimbe mlandu. Madzi akatayika saoleka. Tinali ndi zaka zoposa makumi atatu zoti tikupepese, ndipo takupepesa lero, mwini mawuwa ali m'bokosi.

Achimwene, uthenga wanu wafika, ngakhale mochedwa. Pitani bwino, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.